Aneni Onunkhira Chiponde

Padangotero. Amene muli maso vomerani kuti tili tonse, amene mwabwera ndi tulo mukafunse anzanu mawa.

Padali mphunzitsi wina, Madamu Nkhanga, amene ankaphunzitsa Chingerezi ana a nyama. Iwo adakulira pakhomo pa anthu, kuseri kwa sukulu, ndipo pamene nkhuku zinkalimbirana madeya, iwo ankatola mawu ogwa pawindo la kalasi. Atabwerera kutchire, Mfumu Njovu idawamangira kalasi ndi kanyumba pambali pake, n'kulamula kuti mwana aliyense aziphunzira chiyankhulo cha alendo obwera ndi magalimoto. Madamuwo adalibe mwamuna, adalibe mwana, adalibe ngakhale mbale woti n'kukamudandaulira mutu ukawawa. Kalasi ija ndi kanyumba kaja ndizo zidali zawo zonse.

Chimene ankalimbikira kwambiri ndi mitundu ya mawu. Ankakonda kuuza ana kuti, "Ukamva munthu akuyankhula Chingerezi pafupi ndi iwe, usataye nthawi kusaka dzina lako. Saka mneni. Mneni ndi amene akuuze ngati munthuyo akufuna kukujambula kapena kukuwombera."

Mawu a Chingereziwo ankawalemba pa timakungwa n'kumasunga m'mitanga, mayina mtanga wawo, aneni mtanga wawo, afotokozi mtanga wawo. Adapekanso nyimbo, yoyenda ngati ya pamtondo. Iwo ankatsogolera, kufunsa kuti m'mudzi wa mawu mwini khomo ndani, ana n'kuvomera kuti ndi dzina. Ankafunsa kuti nanga wogwira ntchito ndani, ana n'kuvomera kuti ndi mneni. Ankafunsanso za uja sakhala chete, wongonena kuti uyu ngwamtali, uyu ngwakuda, ana n'kuseka povomera kuti ndi mfotokozi. Idali nyimbo yokoma moti ngakhale amayi opita kumadzi ankaing'ung'udza osadziwa kuti akuphunzira.

Koma ukalamba suchita odi. Maso a Madamu adayamba kuchita nkhungu, pang'ono ndi pang'ono, mpaka bolodi lidangosanduka mdima waukulu. Sadauze aliyense. Ankadziwa kuti mphunzitsi wosaona amamutsitsa, ndipo wotsitsidwa amatuluka m'nyumba ya sukulu. Posadziwa kumene angalowere, ankangophunzitsa za pamtima n'kumayenda mogwira khoma.

Woyamba kuzindikira adali Gologolo. Ameneyu adaphunzirapo kwa Madamu kale, koma atangodziwa kuwerenga adati sukulu yamukwana, n'kuthawira m'mitengo. Adalibe munda, adalibe nkhokwe, ankadya nzeru zake. Tsiku lina adaona Madamu akupereka moni kwa chitsa, n'kudikira kuti chiyankhe. Munthu wina akadamva chisoni, koma Gologolo adaona malonda.

Adaitana ana asukulu kuseri n'kuwafunsa ngati sadatope kukhala pansi dzuwa lonse anzawo akusewera. Ana adati atopa. Iye adati aliyense amubweretsere mtedza wodzaza dzanja, awapatse nzeru. Nzeru yake idali ya achule. M'mawa ana ankabwera, Madamu n'kuitana mayina, aliyense n'kuyankha kuti alipo. Nyimbo ikangoyamba, ankazemba mmodzimmodzi, achule n'kumalowa kukhala m'malo mwawo. Inu mukudziwa kuti chule savuta kuphunzitsa kuvomera nyimbo. Madamu ankatsogolera, kalasi yonse n'kuyankha mokweza, iwo n'kumwetulira okha kuti ana a chaka chino ndi akhama.

Zidayenda choncho mpaka tsiku limene mwana wa Gwape adakumana ndi alenje. Adawamva akuyankhula Chingerezi, koma posadziwa mneni adaima bwinobwino, khosi mwee, kuyesa amujambula. Chipolopolo chidangomubudula nsonga ya khutu. Mayi wake adapita kwa mfumu akulira, ndipo mfumu idatuma Bambo Kakowa, woyendera sukulu, uja wa zovala zoyera zosakhudza fumbi. Mawu adali oti ana akapezeka kuti sadziwa mitundu ya mawu, Madamu atule choko ndipo nyumba ilowe wina.

Gologolo atamva adati apite akaone mmene nkhalamba yagwirira njakata. Adawapeza akusesa pakhomo, kubwereza malo amodzi omwewo. Atamva mawu ake adasangalala, n'kumuuza kuti alibe mantha ngakhale pang'ono, popeza ana awo sadaimbepo mwamphamvu ngati chaka chino. Kenako adalowa m'nyumba, kufufuza ndi phiko mpaka adapeza kambale, n'kumupatsa mtedza monga ankachitira kale akabwera kusukulu ndi njala. Adati amakumbukira kuti amakonda wokazinga.

Gologolo adalandira mtedzawo. Manyazi adamugwira, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire adamva chisoni chimene sichinkamubweretsera phindu. Adatsazika msanga. Kunena zoona sadathe, chifukwa lilime lake silidazolowere njira imeneyo, ndiye adabwerera ku chimene ankachidziwa.

Adasonkhanitsa ana n'kuwauza kuti Madamu akachotsedwa kubwera mphunzitsi wamaso awiri ndi mkwapulo, ndiye amvere iye. Adazemba n'kulowa m'kalasi, natenga mtanga wa aneni n'kupaka timakungwa tonse mpungabwi, chitsamba cha fungo lamphamvu. Ta mayina adatipaka masamba a mandimu, ta afotokozi adatifukiza pa utsi. Ana adawauza kuti asavutike ndi kuwerenga, angonunkhiza. Adawerengera kuti Bambo Kakowa ndi mbalame, Madamu ndi mbalame, ndipo mphuno ya mbalame ndi yongokongoletsa mlomo.

Bambo Kakowa atafika adapeza Gologolo pakhomo la kalasi, atavala nkhope ya munthu wamkulu. Adamufunsa kuti iye ndani. Gologolo adati ndi wapampando wa komiti ya makolo. Sadafunsidwe kuti mwana wake ndi uti, ndipo naye sadaone chifukwa chotchulira.

Madamu adayambitsa nyimbo ija. Ana adaivomera mopunduka, ena kutsogola, ena kutsalira, ndipo Madamu adadabwa kuti mawu achepa lero, koma adati ndi manyazi a mlendo. Bambo Kakowa adakhuthula mitanga yonse pansi, n'kusakaniza timakungwa ndi phazi, n'kuti ana abwezere chilichonse mumtanga wake. Ana adagwira ntchito ngati nyerere. Aliyense ankatola khungwa, kulifikitsa pamphuno, kuliponya mumtanga, osaphonya.

"Bwanji akuika mawu pamphuno?" adafunsa Bambo Kakowa.

"Ndi ulemu, bwana," adayankha Gologolo. "Kuno mawu a alendo timayamba tawaweramira."

Bambo Kakowa adagwedeza mutu. Adati ana achita bwino, koma timakungwa timeneti atizolowera. Adzabweranso ndi timakungwa tawotawo, ndipo adzafunsa mitundu ya aneni, woyambukira, wosayambukira ndi wothandizira.

Apa Gologolo adaona kuti madzi achita katondo. Kupaka mtanga wosankhidwa kale n'kosavuta, koma timakungwa ta mlendo tinkafunika munthu wodziwa kusankha yekha. Kuti abere, adayenera kuphunzira. Ndikamaganiza zimenezi ine ndimaseka, chifukwa sukulu imene adaithawa masana idamukoka ndi mchira.

Adapita kwa Madamu n'kunama kuti akangana ndi Nyani za aneni, ndipo akufuna akamuchititse manyazi. Madamu sadafunse zambiri. Adamukhazika pamkeka n'kuyamba.

"Woyambukira safuna kugwira ntchito m'malere. Ukati carry, wina akufunsa kuti wanyamula chiyani. Wosayambukira ntchito yake imathera pa mwini wake. Ukati sleep, palibe akufunsa kuti wagona chiyani. Wothandizira ali ngati mnzako wokusenzetsa mtolo. Will, can, amenewo sasenza okha, koma popanda iwo mtolo sufika pamutu."

Gologolo adamva, koma pofika panjira zidasokonekera, ndiye adabwereranso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka mkangano wa Nyani uja udaiwalika. Madamu ankatchula mneni, iye n'kunena mtundu wake. Akalakwa ankamugogoda pamutu ndi nsonga ya phiko, mosapweteka. Akakhoza ankasangalala ngati atola chinthu. Tsiku lina adamuuza kuti adadziwa kale kuti ali ndi mutu wabwino, ndipo pamene adathawa sukulu iwo adakhala masiku osadya bwino. Gologolo adangoyang'ana pansi, n'kukanda mkeka ndi chikhadabo.

Chidatsala ndi mmene angagwirire chikwama chimene Bambo Kakowa adzanyamuliremo timakungwa tawo. Apa adakumbukira mwambo. Kwathu mlendo salowa m'mudzi atanyamula yekha katundu, amalandiridwa panjira. Ndipo mlendo akakhala pansi, aliyense amabwera kudzapereka moni wakewake, kufunsa za kumene achokera, za ana, za mvula. Gologolo adamema makolo onse kuti adzalonjere mlendo wa mfumu. Patsogolo pa mzere adaika Kamba, pambuyo pake Nanzikambe.

Tsikulo Gologolo adawathamangira Bambo Kakowa akadali patali, n'kugwada, n'kulandira chikwama ndi manja awiri. Mlendo adakhazikidwa pampando. Kamba adanyamuka kuti akapereke moni, ndipo pamene ankafika dzuwa lidali litasuntha. Nanzikambe adaponya mwendo, n'kuubweza, n'kuuponyanso. Bambo Kakowa adali munthu waulemu, sakadatha kudula moni wa akulu, ndiye adangokhala akuyankha kuti onse ali bwino kumene achokera.

Kuseri kwa kalasi Gologolo adakhuthula chikwama. Adawerenga khungwa lililonse, kudzifunsa yekha kuti kodi ameneyu akufuna chonyamula kapena ayi, ndipo adadabwa kuona kuti akudziwa. Othandizira adawapaka fodya, osayambukira anyezi. Pofika pa oyambukira adapeza kuti fungo lachitatu waliiwala kunyumba. Pamzere padali patatsala makolo owerengeka. Adayang'ana uku ndi uku, n'kuona kamba wake wa tsikulo, chiponde chokulunga m'tsamba. Adapaka chomwecho, n'kunong'oneza ana. Akulu adati tsoka silinunkha, koma limeneli lidanunkhira ndithu.

Mayeso adayamba bwino. Mwana wa Sakhwi adatola othandizira onse, mwana wa Nungu adatola osayambukira. Kenako Bambo Kakowa adaloza mwana wa Nguluwe, Kanguluwe, kamnyamata kabwino mtima koma kosamvana ndi njala, n'kuti apeze mneni woyambukira. Kanguluwe adanunkhiza, adapeza, adanunkhizanso. Maso ake adatsinzina. Khungwa lidalowa m'kamwa, kukutu kukutu, n'kutsika. Asadaletsedwe adali atapeza lachiwiri ndi lachitatu, ndipo sadaphonye ngakhale limodzi. Aneni onse oyambukira a mlendo adathera m'mimba mwa Kanguluwe.



"A wapampando," adatero Bambo Kakowa, "uwunso ndi ulemu?"

"Mwanayu amaopa kuiwala, bwana. Chimene wachidziwa amasunga m'kati."

Bambo Kakowa adayang'ana phiko lawo loyera, pamene padali kadontho ka mafuta kochokera m'chikwama. Adakayang'ana nthawi yaitali. Sadakalipe. Adangoti adzabweranso komaliza, ndipo ulendo umenewo adzabwera wopanda chikwama, kuti asavutitse omulandira.

Onse atabalalika, Madamu adaitana Gologolo. Adamufunsa chimene Kanguluwe amatafuna. Gologolo adayamba kuluka nkhani, koma iwo adamudula modekha.

"Mwanawe, maso anga adatha, ndipo ndikuganiza kuti ukudziwa. Koma makutu alipo. Mwana sadya khungwa louma."

Gologolo adasowa kolowera. Adaulula za mpungabwi, za anyezi, za chiponde. Madamu adafunsa kuti nanga adachitiranji zonsezo, ana awo akudziwa kale. Pamenepo adaulula za achule, ndi za mtedza umene ankalandira. Ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo kukadamupepukira akadatukwanidwa. Koma Madamu adangofunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kuti chaka chonsechi ndakhala ndikuphunzitsa achule?"

"Inde, Madamu."

"Ndipo khutu la mwana wa Gwape lija ndi mlandu wanga."

Gologolo adati mlanduwo ndi wake, si wawo. Iwo adapukusa mutu, n'kuti mphunzitsi amene sadziwa kuti ana ake atuluka ndiye kuti watha ntchito, ndipo iwo adabisa khungu lawo chifukwa chokonda nyumba. Adati sadikira kuthamangitsidwa. Amanga katundu, mawa atsazika kalasi, n'kuona kumene njira iwafikitse. Misozi idatsika m'maso osaona aja, ndipo Gologolo adathawa, chifukwa sakadatha kupirira kuiona.

Akadauza ana kuti abwere kudzapepesa, akadabwera ochepa. Choncho adawauza kuti wapeza uchi padenga la kalasi, ndipo wofuna kunyambita abwere m'mamawa, abisale kuseri kwa khoma osatsokomola. Adabwera onse, ngakhale amene adali asadaoneke kusukulu chiyambire dzinja. Achule adawauza kuti ganyu yatha.

Madamu adalowa m'kalasi atanyamula kamtolo kawo, akudziwa kuti mulibe munthu. Adayenda mogwira mipando. Pa mpando uliwonse ankaima, kutchula mwini wake, n'kumuuza mawu ngati alipo. Mwana wa Sakhwi adamuuza kuti asamafulumire kuyankha asadamve funso. Mwana wa Nungu adamuuza kuti chibwibwi si umbuli, azingoyankhula. Kanguluwe adamuuza kuti azidya asadabwere kusukulu. Pa mpando wa mwana wa Gwape adakhalitsa, n'kupepesa. Atatha adaima kutsogolo n'kuyamba nyimbo ija okha, kufunsa kuti m'mudzi wa mawu mwini khomo ndani. Padalibe wovomera. Adafunsa za wogwira ntchito, n'kudikira monga mwa chizolowezi, ndipo chete yemwe uja adawayankha.

Kuseri kwa khoma uchi udali utaiwalika. Woyamba kulowa adali mwana wa Gwape, ndi khutu lake lobuduka. Adakhala pampando wake n'kuti, "Ndilipo, Madamu." Adatsatira mwana wa Nungu, kenako ena onse, aliyense kunena kuti alipo, ena akulira. Madamu adayenda n'kugwira mutu uliwonse kuti atsimikize kuti si wa chule. Kenako adaika kamtolo pansi, n'kuti popeza abwera, atsegule makutu, nthawi yatha kale.

Kuyambira tsikulo Madamu ankayankhula, Gologolo n'kumalemba pabolodi ndi kuloza. Iye ankati akungothandiza mpaka mlendo adutse, pajatu mlendo ndi mame. Ankakhalanso pafupi ndi khomo, ndipo popeza njira zonse zozembera adazipeka ndi iye, padalibe mwana wotha kumuzemba. Ana adaphunzira movutika, poti zimene akadaphunzira chaka chonse ankazimeza mothamanga. Nyimbo ija idayamba kumveka ya ana enieni, yosalongosoka poyerekeza ndi ya achule koma yodziwa chimene ikunena.

Bambo Kakowa adabweradi manja lendelende. Gologolo adawalandira panjira, n'kusowa chonyamula. Mlendo adakana mpando wa panja, adati moni adalandira wokwanira ulendo watha. Adalowa m'kalasi n'kuyamba kunena ziganizo za Chingerezi pakamwa, n'kumaloza mwana kuti atchule mneni ndi mtundu wake. Ena adakhoza, ena adalakwa n'kudzikonza, mwana wa Nungu adachita chibwibwi koma adafika. Kanguluwe adakhoza awiri, wachitatu adamuphonya. Mwana wa Gwape sadaphonye ngakhale mmodzi.

Bambo Kakowa adati ana awa si akatswiri, koma ulendo uno mayankho akuchokera m'mutu. Gologolo adapuma, kuyesa zatha. Koma mlendo adatola choko, n'kulemba chiganizo chachitali pabolodi, n'kutembenukira kwa Madamu. Adati maulendo onsewa sadawaonepo akuwerenga, ndiye awerenge chiganizocho n'kuloza mneni.

Madamu adaimirira. Adayenda molunjika, mutu uli m'mwamba, n'kukaima moyang'ana khoma, bolodi lili kumanzere kwawo. Ana adagwetsa nkhope. Gologolo adadumpha n'kuima pakati.

"Pepani bwana, mwambo sukulola. Kwathu kuno mayi sasenza katundu mwana wake ali pomwepo."

"Kuwerenga ndi katundu?"

"Ndi katundu wa maso, bwana. Ndisenza ine."

Asadayankhidwe adawerenga chiganizo chonse, n'kuloza mneni wothandizira ndi woyambukira amene adali naye, n'kuonetsanso dzina limene ntchitoyo idagwerapo. Adakhoza zonse. Bambo Kakowa adati adamva kuti iye ndi wapampando wa makolo, lero wasanduka mwana, ndipo sadaonepo nkhanga itaswa gologolo. Kenako adafunsa Madamu ngati ameneyu ndi mwana wawo.

Gologolo adazizidwa, chifukwa ankadziwa kuti Madamu sanama, ngakhale bodza lowapulumutsa. Iwo adatembenukira kumene kunkachokera mawu a mlendo.

"Bambo, ine sindiona. Ndidabisa, ndipo ndidalakwa. Uyu sindidamubereke. Adandithawa, adandinamiza, adandidzazira achule m'kalasi. Koma mukandifunsa ngati ndi wanga, ndi wanga."

Bambo Kakowa adali munthu wa lamulo, koma sadali wouma mtima. Adati lamulo la mfumu likuti kalasi ikhale ndi maso, silidanene kuti masowo akhale pamutu pa ndani. Ngati mayi ali ndi mwana womusenzera, mayi akhale. Koma katundu wa mayi sasenza tsiku la alendo lokha. Mwanayo azipezeka pano m'mawa uliwonse mpaka poweruka, chilimwe ndi dzinja, ngakhale nyengo yokumba mtedza. Malipiro palibe, poti palibe mwana amalipidwa posenzera mayi wake. Tsiku limene adzapeze bolodi lopanda maso, Madamu adzatuluka m'nyumba tsiku lomwelo.

"Mwamva, a wapampando? Kapena mwambo uja wathera pomwepa?"

Gologolo adayang'ana kukhomo. Moyo wake wonse sadagonepo mtengo umodzi kawiri motsatizana, sadalonjezepo chinthu n'kuchisunga. Adaganiza za minda ya eni imene mtedza wake udali pafupi kukhwima. Adaona kuti msampha umene wagwamo adautchera yekha, ndi mlomo wake, ndipo khomo lidali lotsegula, palibe akadamugwira.

Madamu adamva kuzengereza kwake. Adati, "Usadzimange chifukwa cha ine, mwanawe. Wachita kale zambiri. Ukafuna kupita, pita, sindikusungira mangawa."

Mawu amenewo ndi amene adamumaliza. Akadamukakamiza akadapeza pothawira, koma munthu wokumasula umamuthawa bwanji? Gologolo adatola choko chimene mlendo adasiya, n'kupita pamene padaima Madamu. Adawagwira phiko n'kuwatembenuza pang'onopang'ono.

"Bolodi lili uku, amayi," adatero. "Nenani, ndilembe."

Madamu adafufuza ndi phiko mpaka adapeza mutu wake, n'kulisiya pomwepo. Bambo Kakowa adatuluka mwakachetechete osatsazika, ndipo akuti panjira ankapukuta m'maso ndi phiko loyera lija.

Madamu Nkhanga adakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo mwana amene sadamubereke ndi amene adawatseka maso. Mtedza wa eni udakhwima zaka zonsezo, udakumbidwa, Gologolo ali pabolodi. Ankadandaula, inde, tsiku lililonse, mokweza, kuti nzeru zake zidamugulitsa, koma m'mawa ankafika woyamba.

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo akatola kanthu sadya msanga. Amakhala tsonga, kukagwira ndi manja awiri pafupi ndi maso, n'kukatembenuza uku ndi uku. Inu mumati akusenda, koma amayamba wawerenga, kuti mwina pali wina akufuna kuuzidwa chimene chalembedwa.

Nthano yanga yatsika mumtengo. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaifukule isadapserere.